Mwana Wanga Akumutchula Luisa

Lachiwiri, 20 Ogasiti 2024

Mvula kuyambira m'mawa. Shifiti yaitali ku wodi, miyendo yatupa. Boyila yotenthetsa madzi ndi nyumba yayambanso kulira ngati mbuzi. Woikonza akuti sabata ya mawa.

Wakisa waimba. Mwana wanga mmodzi yekhayo, koma kuti aimbe pakhale chifukwa. Chifukwa cha lero: Loweruka ndikufunika ku Loughborough, kwa agogo ake a Dario, mnyamata amene akufuna kumukwatira. Ati ndi tsiku la matimati. Kamodzi pachaka banja lonse limasonkhana kuphika matimati ndi kuwatsekera m'mabotolo, msuzi wa chaka chonse. Dzina lake passata. Walitchula bwinobwino, lilime likugudubuzika. Lilime lomwelo limene limakanika kunena "ndiwo".

Ine Chichewa, iye Chingerezi, monga mwa masiku onse. "Mum, ndi ulemu waukulu. Nonna saitana munthu wamba."

Nonna ndiye kuti agogo m'Chitaliyana. Dzina lawo a Filomena. Ulemu waukulu! Mayi omwewa amene kwa zaka ziwiri ankakana kuti mdzukulu wawo alowetse mtsikana wakuda pakhomo pawo. Wakisa ankabwera kuno ku Evington, mu Leicester, kudzalirira pamiyendo yangayi. Misozi ija ndinaipukuta ndine. Iye waiwala. Ine ayi.

Ndavomera. Ndasinthana shifiti ndi mnzanga. Lamulungu ndigwira m'malo mwake, kutchalitchi ndiye ndajomba kale.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Ku Spinney Hill, kushopu ya Bilkis. Mmwenye wobadwira ku Limbe, Chichewa chake cha mumsika, chothwa kuposa cha mwana wanga. Ndimafuna mphatso yopita nayo. Wanditulutsira chitenje chabuluu cha mbalame zachikasu. Chokwera mtengo, koma sindingapite chimanjamanja kwa asewere.

"Keturah, nkhopeyo uisiye panja pageti," watero. Ndamufunsa nkhope iti. Wangoseka.

Achimwene a Stewart aimba kuchokera ku Normanton, ku Derby, ali pa buleki kufakitale. Funso lomwe lija: chinkhoswe liti? Ati mwana wa mlongo wawo sangapite ngati nkhuku yosokera. Akanakhala moyo bambo ake, a Lumbani, bwenzi nkhaniyi itatha kalekale. Mwanayu bambo ake ankawamvera.

Loweruka, 24 Ogasiti

Msana ukuwawa. Manja akununkha sopo.

Garaja ya a Filomena. Mabokosi a matimati mpaka kudenga, matimati ake ataliatali, akuti abwera pa lole kuchokera ku Italy komweko chifukwa a kuno ndi madzi okhaokha. Migolo iwiri pamoto wa gasi. Kachigayo kamagetsi, mbali ino kakulavula makoko, mbali inayo msuzi wofiira. Anthu thoo, ana, adzukulu, akazi awo Achingerezi atavala maepuloni.

Eniake: kamayi kakafupi, zovala zakuda za umasiye, mawu ngati a kondakitala wa minibasi. Anabwera kuno ali mtsikana kutsatira amuna awo amene ankaumba njerwa. Kwawo ndi mudzi wina wa m'mapiri, chigawo chotchedwa Molise. Zaka zonsezi ali ku England, Chingerezi chawo sichingadzaze kapu. Koma palibe amene akuwaseka. Ine ndikangolakwitsa liwu limodzi, Wakisa amandikonza pagulu.

Aliyense ntchito yake. Amuna pamoto. Amayi kudula. Tiana kuponya tsamba m'botolo lililonse, tsamba lonunkhira ngati mpungabwi umene kwathu timathamangitsira udzudzu. Mchere amathira okha eniake. Ine andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, andiloza kubafa la pulasitiki kuseri kwa garaja. Kutsuka mabotolo a mowa. Tsiku lonse, ndekha, ndi kaburashi.

Chitenje analandira, anathokoza. Masana ndinachipeza atachiyala patebulo, matimati odula ali pamwamba pake kuti achuche madzi. Mbalame zija zonse zofiira. 

Koma chimene chandibaya si chimenecho.

"Luisa! Luisa!" Ndimayesa akuitana mdzukulu wina. Ndikuona mwana wanga akuthamanga. Ati dzina loti Wakisa limawavuta, ndiye anamupatsa lina. Ndipo banja lonse likutsatira, Luisa uku, Luisa uko. Dzina limene anamupatsa bambo ake, dzina la kwawo ku Karonga, atamunyamula koyamba. Lavuta mayi amene amatchula mayina a tchizi aatali ngati njanji.

Ndiye china. Msuweni wake wa Dario, mtsikana, a Filomena anamubweza pakhomo la garaja, akuti ali kumwezi, akakhudza matimati msuzi wonse usasa. Wakisa kundifotokozera nkhope ili phee, ngati akuwerenga Baibulo: "Ndi mwambo, Mum." Atatha msinkhu ndinamuuza kuti masiku amenewo asamathire mchere m'ndiwo. Anandiseka mpaka misozi. "Ndinu namwino, mukukhulupirira zimenezo?" Lero mwambo.

Tinadya pabwalo, matebulo olumikiza. Pasta yokanda pamanja, tizidutswa topindika ngati tizigoba ta nkhono, ndi msuzi woyamba kutuluka m'chigayo. Yokoma. Ndalemba pano pokha.

Lolemba, 26 Ogasiti

Holide ya dziko lonse, ine kuntchito.

Anandipatsa mabotolo ena obwera nawo. Ndawaika pansi pa sinki, pamodzi ndi mankhwala otsukira.

Kusunga ndiwo za chaka chonse ndi nkhani yachilendo? Amayi anga ku Ntcheu ankafutsa nkhwani ndi khwanya, kuyanika pamphasa, kumanga zikwatu n'kupachika kudenga. Popanda lole, popanda gasi. Mfutso umene ananditumizira nthawi ina, Wakisa anatsina mphuno, anatsegula mawindo onse, ati yunifolomu yake inunkha kusukulu. Ndinkaphika iye kulibe, ngati ndikusuta chamba m'nyumba mwanga momwe.

Chinanso ndaona Loweruka lija. Polankhula ndi a Filomena, Wakisa ali ndi mawu apadera aulemu, "inu" wa m'chilankhulo chawo. Anachita kuphunzira. Ine ndi "you", yemweyo amene amaitanira galu wa aneba.

Lamulungu, 1 Sepitembala

Achimwene abwera pa basi kuchokera ku Derby, suti ndi tayi. Dario ndi Wakisa anafika titaweruka kutchalitchi. Nkhani ya chinkhoswe.

Mnyamatayu ndilibe naye mlandu. Analandira tiyi ndi manja awiri. "Zikomo, amalume." Ndiye amene amafunsa mafunso: tambala ndi wa chiyani, nkhuku ya thadzi ndi ya chiyani, ankhoswe ntchito yawo ndi yotani banja likavuta. Anati bambo ake adzakondwa kuima mbali yawo. Mwana wanga maso pafoni.

Pamapeto wavomera, koma ndi malamulo. Osaphimba atsikana nsalu kumutu kuti amalume asankhe mkwatibwi. Osafupa ndalama povina. "Anzanga adzayesa tikupempha." Zikhale zazifupi.

Ukwati weniweni, ati, ndi wa ku Italy, Julaye chaka chamawa, kumudzi kwa a Filomena. Apo ndiye maso anachoka pafoni. Katchalitchi kamiyala. Madzulo a tsiku lotsogolera ukwati mkwati amabwera ndi oimba kudzaimba pansi pa windo la mkwatibwi. Alendo amalandira timaphukusi ta mtedza wa alimondi wokutidwa ndi shuga, ati uliwonse ndi dalitso lake. Ndipo alendo amafola kupereka maenvelopu kwa akwati. Achimwene anafunsa kuti m'maenvelopumo mumakhala chiyani, masamba? Dario yekha ndiye anaseka.

Ndinafunsa windo lake ndi la nyumba ya ndani. Ya msuweni wa Nonna. Ndiye kuti mwana wanga adzatuluka m'nyumba ya kwa mwamuna kupita kwa mwamuna. Ine mlendo wokhala mu hotela.

Dario mwini wake akuti mudziwo nyumba zambiri n'zotseka, mwatsala nkhalamba ndi amphaka. Mudzi umene eniake anauthawa ndi njala, mwana wanga akuulakalaka. Ku Ntcheu anapitako kamodzi ali wamng'ono. Chimene amakumbukira ndi chimbudzi.

Loweruka, 7 Sepitembala

Holo ndabukitsa, 26 Okutobala. Dipoziti yandipweteka, boyila idikire. Bilkis wayitanitsa lichero, mthiko ndi chipande kudzera mwa mchimwene wake amene akubwera kuchokera ku Blantyre. Amayi a Mvano avomera kuphika. Yunifomu ya chitenje tasankha yobiriwira.

Lero mtima unapepuka pang'ono. Ndinaimba nyimbo m'galimoto.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Ndanena. Zatuluka.

Anandiitananso ku Loughborough. Tsiku la Maria wa chisoni, akuti kumudzi kwawo amanyamula chifanizo chake kuzungulira mudzi wonse. Kuno amangopita ku misa n'kudzadya pamodzi. Ndinapita nditatopa, sabata yonse wodi yodzaza.

Patebulo anthu ambiri. Wakisa anatuluka kukhitchini ndi mbale yaikulu, epuloni ya Nonna m'chiuno, nkhope ikuwala. Waphika yekha, koyamba, chakudya cha makolo. Anachita kulalikira: chakudya cha anthu a m'mapiri, ufa wa chimanga ndi masamba a kutchire, chosafuna zambiri, chanzeru. Dzina lake pizza e minestra. Anthu kuwomba m'manja.

Ndimayembekeza pizza. Ndikuona chigumu. Chigumu chopanda shuga, cha mgaiwa, atachinyenyanyenya m'masamba owawa ngati chisoso. Ndinalawa. Chigumu ndithu.

Ndinaseka. Sindinafune, chinangotuluka. Kenako pakamwa panatseguka, m'Chingerezi, mokweza. Ndinati ichi kwathu ndi chigumu, ndipo kudya chigumu ndi chisoso ndiye kuti m'nyumba mwalowa njala. Ndinati mwana yemweyu ndinkamuphikira chigumu chenicheni, cha nthochi, ankachiponya mubini ya kusukulu kuti anzake asachione. Ndinati lero chavala dzina la Chitaliyana, ndiye mukuwomba m'manja. Ndinawonjeza kuti dzina lake ndi Wakisa, osati Luisa, ndipo amene akulephera kulitchula angofunsa.

Foloko ina inagwa.

A Filomena sanafune womasulira. Anadzuka, anazungulira tebulo ndi ndodo yawo, anandichotsera mbale pamaso panga. "No like, no eat." Anakaipereka kwa galu pakhomo.

Ndinatenga chikwama. Wakisa ananditsatira mpaka pamsewu, epuloni ili m'chiuno. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Simunandiphunzitsepo kanthu, Mum. Munkangondiseka kuti sindidziwa. Ndikagwira mpeni munkandilanda. Ndikayesa Chichewa munkandiyerekeza pafoni kwa anzanu, onse kuseka. Nonna amandigwira dzanja n'kundisonyeza, ngakhale ndilakwitse kakhumi."

Ndinayendetsa galimoto mpaka kuno.

Lolemba, 16 Sepitembala

Ndinkalanda mpeni chifukwa basi ya kuntchito siidikira munthu amene akuphunzira kudula anyezi. Bambo ake atamwalira ndani ankalipira nyumbayi? Nsapato za sukulu, ulendo wa kalasi, yunivesite? Nonna? Kugwira dzanja la mwana wa wina amene waleredwa kale, wakhuta, waphunzira, n'kosavuta. Wolima ndi wina, wokolola ndi wina.

Sindipepesa.

Loweruka, 28 Sepitembala

Foni zii. Ndatumiza uthenga wofunsa muyeso wa diresi ya chinkhoswe. Wawerenga. Sanayankhe.

Telala akudikira. Amayi a Mvano akufunsa anthu adzakhala angati. Ndikuyankha ngati zonse zili bwino.

Ndamufotokozera Bilkis. Ndimayesa akhala mbali yanga. Amayeza mpunga pasikelo osandiyang'ana. "Zoona unanena, koma unanenera pambale ya mwana wako." Mwana wake wamkulu anakwatira mtsikana wa ku Turkey, ku Birmingham. Ati adzukulu ake amamupatsa moni ngati wa m'basi. Ati iye anaphunzira kumeza, chifukwa amene wameza amaitanidwanso.

Achimwene akuti ndipite ndikapepese kwa mayi aja, ndi achikulire, ndiponso ndinali m'nyumba mwawo. Aliyense wasanduka loya wa a Filomena.

Msuzi uja ndatsegula botolo limodzi, m'nyumba munalibe tomato. Ndinathira m'nyemba. Sindiuza munthu.

Lamulungu, 6 Okutobala

Pa intaneti chithunzi. Wakisa ndi a Filomena, atanyamula nsalu yoyera ya pabedi yopetedwa pamanja. Pansi walemba kuti Nonna anaipeta ali mtsikana kukonzekera ukwati wawo, ndipo lero aipereka kwa iye, osati kwa adzukulu awo enieni. Timitima tofiira mazanamazana.

Ndinayang'ana nthawi yaitali. Mwana wanga waonda.

Ulaliki lero unali wa kusiya mphatso paguwa n'kupita kukayanjana ndi mbale wako. Abusa ngati wina anawauza. Chabwino. Lamulungu likubwerali ndipita. Ndikapepesa za mawu okweza ndi za patebulo. Za dzina ayi. Za dzina sindibweza.

Lachinayi, 10 Okutobala

A Filomena amwalira.

Aneba anawapeza m'dimba lawo kuseri kwa nyumba, pakati pa mitengo ya nyemba, lumo lodulira lili m'manja. Sitiroko. Wandiimbira ndi Dario, mawu osamveka bwino. Osati mwana wanga.

Ndinali pa buleki. Ndinamaliza shifiti bwinobwino, ndinamwetsa odwala mankhwala, ndinaseka ndi wina.

Chimene ndamva mumtima sindichidziwa dzina. Chisoni ayi. Chimwemwe ayi, Mulungu ndi mboni. Wamoyo ndikanalimbana naye. Akanakalamba, akanalakwitsa, tsiku lina akanamukhumudwitsa mwanayu ngati mmene ine ndimamukhumudwitsira. Wakufa ndimuyamba bwanji? Tsopano akhala woyera mpaka kalekale. Ine ndikhala mayi amene anawanyoza patebulo pawo.

Loweruka, 12 Okutobala

Maliro ndi maliro. Sindinafunse chilolezo kwa munthu.

Ndinaphika mpunga, nkhuku, nyemba, mandasi. Mapoto m'galimoto, chitenje m'chiuno, duku kumutu. Ku Loughborough.

Ndimayembekeza khamu, chifukwa pa matimati paja garaja inadzaza. Ndapeza makatani otseka. M'nyumba bambo ake a Dario, mlongo wawo, Dario, Wakisa. Basi. Ena atumiza maluwa ndi mauthenga. Thupi lili kwa osunga maliro, kuika ati mpaka kutha kwa mwezi. Patebulo mapaketi a mabisiketi. Kuyambira Lachinayi palibe waphika.

Ndinavula nsapato, ndinakhala pansi pakona. Anandipatsa mpando, ndinakana. Ndinakhala chete monga timakhalira. Kenako ndinadzuka, ndinatenthetsa chakudya, ndinagawa. Bambo aja, munthu wa imvi, anadya akulira, mpunga ukugwera pamalaya. Ndinatsuka mbale. Khitchini ya mayi aja, chilichonse pamalo pake, mipeni yonoledwa mpaka kuonda. Ndinagwira mosamala.

Masana kunabwera nkhalamba ina, mnzawo wa a Filomena wa mudzi umodzi, a Carmela, akuyenda ndi chitsulo chogwirira. Ataona mapoto anga anayamba kulira mokweza, kundigwira masaya, kundipsompsona. Liwu limodzi kulibwereza: consolo, consolo. Dario anamasulira. Ati kumudzi kwawo nyumba ya maliro siikoleza moto, aneba ndiwo amabweretsa chakudya n'kukhala ndi ofedwa. Ati kuno zinatha, ana sazidziwa. Ati ine ndachita ngati mkazi weniweni wa kwawo.

Wakisa anandiyang'ana. Koyamba kuchokera tsiku la mbale lija. Maso otupa koma akuwala.

"Mum, mwachita consolo! Munaphunzira kuti?"

Ndinati ku Ntcheu.

Maliro angati a Amalawi muno mu Leicester, ku Nottingham, ku Derby, amene wandiona ndikunyamula mapoto omwewa? Ankadandaula kuti galimoto ikununkha anyezi. Ngakhale mwambo wanga womwe, mpaka uvale dzina la Chitaliyana kuti mwana wanga auone.

Lachisanu, 18 Okutobala

Uthenga, osati foni. Chinkhoswe sichitheka. Maliro ndi pa 25, sangavine mawa lake, ndipo banja la Dario likhala pa chisoni mpaka chaka chithe. "Mwina mtsogolo." Ukwati wa ku Italy wokha uli pomwepo, ati ndi zimene Nonna akanafuna.

Sindingatsutse. Ndani amavina pamanda? Ngakhale achimwene angoti, "Zamveka, mlongo." Chimenecho ndiye chikundipsetsa mtima, kuti palibe woti ndimukalipire.

A holo akuti dipoziti sibwerera. Lichero ndi mthiko zafika, zili m'thumba la pulasitiki kuseri kwa chitseko. Amayi a Mvano ndawauza pagulu la pafoni. Mayankho aulemu. Ndikudziwa zimene akulankhula kumbali.

Boyila yafa. Ndikusamba madzi a m'ketulo.

Lachisanu, 25 Okutobala

Tawaika.

Tchalitchi cha Akatolika, lubani, nkhalamba za Chitaliyana zochepa kutsogolo, zikuimba nyimbo ya kwawo ndi mawu onjenjemera. Adzukulu enieni milomo yotseka, saidziwa. Woidziwa Wakisa. Anaimba mawu onse. Anawerenganso pemphero m'Chitaliyana paguwa, ndipo papepala la mwambo analemba Luisa.

Kumanda analira kwambiri, Dario kumugwira. Anthu kunong'onezana kuti taonani mmene ankawakondera.

Amayi anga atamwalira iye anali ndi mayeso omaliza ku sekondale. Ndinapita ndekha. Nditabwerako anandifunsa ngati ndege inali bwino.

Titachoka kumanda, chakudya ku holo ya tchalitchi. Masangweji ogula. Ndisanamalize tiyi, bambo ake a Dario ndi mlongo wawo anali atayamba kale kukangana pakona za kugulitsa nyumba. Wina anafunsa ngati alipo akufuna migolo ija kapena aitaye. Wakisa anamva. Nkhope inasintha, ngati mwana amene waona kuseri kwa katani.

Dario watsala ndi bambo ake. Ndikupita kugalimoto ndinamva mapazi kumbuyo. "Mum, ndingabwere kunyumba?"

Kunyumba. Ndinangotsegula chitseko.  Ndamuyalira m'chipinda chake chakale, mabulangete awiri chifukwa cha kuzizira.

Loweruka, 26 Okutobala

Lero bwenzi tili ku holo.

Anatsika mochedwa, atavala juzi yakale ya bambo ake imene anaipeza m'kabati. Ndinali kukhitchini. Ndinamupatsa tiyi. Anakhala patebulo, manja onse pakapu. Anayang'ana thumba lija kuseri kwa chitseko, sanafunse.

Kenako, motsitsa: iye amadziwa zonse za a Filomena, dzina la amayi awo, la mtsinje wa kumudzi, chimene ankaopa ali mwana. Dzulo kumanda zinamufikira kuti agogo ake omubalira mayi sakudziwa ngakhale dzina lawo. Kwa iye anali "agogo a ku Malawi" basi.

Ndiye anayesa m'Chichewa. Pang'onopang'ono, ngati akuwoloka paulalo wa mtengo umodzi.

"Amayi, agogo anali ndani dzina?"

Amayi. Osati Mum.

Ndikanangoyankha. Liwu limodzi lokha.

Ndinati, "Lero ndiye ukufunsa? Mpaka afe mzungu kuti ukumbuke kuti unali ndi agogo?"

Anaika kapu pansi mosamala. Sanalire. Anakwera m'mwamba, anatsika ndi chikwama chake, anati ayitanitsa takisi. Chitseko anatseka pang'onopang'ono.

Dzina lawo linali Elube. Elube Nachisale. Aatali, mpata kumano, dzanja lamanzere ngati iye. Sankadziwa kuwerenga koma nyimbo za m'buku ankaziloweza zonse. Ankaopa abuluzi. Atabadwa Wakisa, iwo anayenda wapansi mpaka ku boma kukajambulitsa chithunzi choti mdzukulu wawo adzawadziwe nkhope. Dzina la Wakisa nawonso linkawavuta, la Chinkhonde, koma ankalibwereza pamtondo mpaka analikhoza. Mawu awo omaliza kwa ine pafoni anafunsa ngati mwanayo amadya.

Ndasuzumira pawindo. Takisi yabwera, yadikira, yapita yopanda munthu. Wakhala pakampanda ka njerwa pageti, chikwama pamiyendo, msana kunyumba. Kukuwaza kamvula. Juzi ija ilibe chipewa.

Nsapato zanga zili kuti